Fyuzi Ikapsa, Enelesi

Enelesi mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi kuno kuntchito, pamgodi wathu wa ku Bindura, m'chipinda chogawira nyale. Anthu a shifiti ya masana atsika kale mumgodi, aliyense nyale yake pachipewa, ndipo mpaka atuluke ndilibe chochita koma kuyang'ana mashelefu opanda kanthu. Udabwa kuti bambo ako akukulembera kalata pamene tikugona nyumba imodzi. Ndayesa kawiri sabata ino kuti tilankhule pakamwa. Ulendo woyamba iwe unanyamuka kukatsekera nkhuku zimene zinali zitatsekeredwa kale. Ulendo wachiwiri ndinanyamuka ndine. Chimwalirireni amayi ako, masabata asanu ndi limodzi apitawa, ife awiri tasanduka anthu olemekezana kwambiri, ofunsana za mchere ndi sopo basi. Ndiye ndati ndilembe. Ndalemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti undiyankha m'Chishona monga umachitira. Kuwerenga umatha, ndimakumva kutchalitchi ukutsatira buku la nyimbo osaphonya liwu.

Nkhani ndi iyi. Basi ya ku Harare inyamuka mawa m'ma seveni koloko. Malo ako ku koleji ya aphunzitsi akukudikira, ndipo iwe wanena kuti sukupita. Zovala zimene unalongedza wazibwezera mu wadiropu, ndinaona. Akuti ukhala chaka chimodzi kuti undiyang'anire. Mwana wanga, malo otere sasungira munthu, ndipo chaka chimodzi cha m'komboni muno ndachiona chikumeza atsikana anzeru ambiri. Chimene chakumanga miyendo ndikuchidziwa. Ndi Lachitatu lija unandipeza dzanja lili m'bokosi la mafyuzi.

Ndiyambe ndi kulakwa kumeneko. Mvula inali itangokata. Ndinafika kunyumba malaya ali nyowe, ndinavula nsapato pakhomo, ndinalumikiza ketulo, ndipo ndinangomva kuti phwa, wailesi zii. Ndinaima pakati pa khitchini kudikira. Ukudziwa chimene ndinkadikira? Ndinkadikira mapazi a amayi ako, akubwera ndi chitini chawo cha tiyi chija chosungiramo zida. Nditazindikira kuti sabwera, manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo ndi amene anandikankhira ku bokosi. Simenti yonyowa, mapazi opanda nsapato, manja osapukuta, swichi yaikulu osazimitsa, ine n'kumatokosa ndi mpeni wa buledi. Iwe unalowa nthawi yomweyo, unandikoka lamba chakumbuyo mpaka ndinakhala pansi m'dengu la mbatata. Unati, "Baba, muri kuda kufa here?" Unandifunsa ngati ndikufuna kufa, ndipo ine sindinayankhe. Ndikuganiza kuti kusayankhako ndi kumene kunakuopsa kuposa mpeni uja. Ndikukuyankha lero. Iyayi, Enelesi, sindikufuna kufa. Ndinali mbuli chabe, ndipo umbuli uli ndi mankhwala.

Choncho choyamba ndi swichi yaikulu. Magetsi akathima mbali ina ya nyumba, usathamangire kutsegula bokosi. Pukuta manja, vala nsapato, ona kuti pamene waimapo ndi pouma, kenako zimitsa swichi yaikulu ija kuti m'mawaya onse musakhale moto. Wina adandaula kuti wamudulira nkhani za pawailesi. Adandaule. Mpeni, supuni, msomali, zonsezi zisayandikire bokosilo. Ndibwerezanso zimenezi m'munsimu, usatope nane.

Mwina ukufunsa kuti zikukukhudza bwanji iwe, popeza mbuli ndine. Mbuli tilimo awiri m'nyumba muja. Amayi ako ankanena okha kuti nyumba yawo ili ndi owerenga awiri koma manja awiri okha. Ukukumbukira ulendo umene ndinapita ku Mufakose, ku Harare konko, kukakuonera chipinda, popeza malo ogona a pakoleji anali atadzaza? Nyumba ija ili ndi mabanja anayi a maroja, ochita lendi chipinda chimodzichimodzi, ndipo banja lililonse lili ndi hotipuleti yake. Nditabwerako ndinawapeza amayi ako ali gone, atafunda bulangeti masana. Anandifunsa za loko wa chitseko, za madzi, za chimbudzi. Kenako anati, "Nanga bokosi la magetsi munaliona?" Ndinati ndinaliona, lili m'kakhonde kolowera kukhitchini. Fyuzi ina ndi yakuda ngati yayandikira moto, ndipo m'mbali mwake mukutuluka kapepala konyezimira konga ka m'paketi ya ndudu. Ine ndinkangofotokoza ngati munthu wofotokoza mtundu wa makatani. Iwo anati, "Mwanayo ndimuphunzitse asanapite. Mundikumbutse." Sindinawakumbutse. Kunabwera za chipatala, kunabwera zina zimene ukuzidziwa. Ndiye uthenga uno si wanga. Ndangotumidwa, ndipo ndafika mochedwa.

Umbuli wanga unayamba chaka chimene anatiikira magetsi m'komboni, dziko litangolandira ufulu, iwe uli mu giredi 3. Mwezi usanathe, fyuzi ya mababu inapsa. Ine ndinakhala pansi ndi kulemba kalata yokongola ya Chingerezi yopita ku ofesi yokonza nyumba za pamgodi. Ndinailemba kawiri kuti ikhale yopanda chofufuta. Ndinakaipereka, ndipo tinayamba kudikira ndi kandulo. Tsiku lachinayi amayi ako anabwera kuchokera ku tawuni ndi kakatoni kakang'ono kokulungapo mawaya atatu.

"Bambo a Enelesi, kalata yanu ija yayankhidwa?"

"Za muofesi zimatenga nthawi."

"Gwirani tochi."

"Mayi, izi ndi za anthu ophunzira ntchito yake."

"Ndinagwira ntchito zaka zitatu m'nyumba ya bwana wa pamgodi ndili mtsikana. Wamagetsi akabwera, ine ndinkasiya kukolopa n'kumaonerera. Osaunika nkhope yanga, ndikuidziwa. Unikani m'bokosimo."

Madzi a tiyi asanawire pa pulaimasi, mababu anali atayaka. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali yogwira tochi. Zaka zonsezi ndinaigwira mokhulupirika, koma maso anga anali pakhosi pawo, pamene duku linkathera, osati pa zala zawo. Sindikudandaula ndi chimene ndinkayang'anacho. Ndikungoti, munthu akamakukonzera chinthu, uziyang'anako manja ake, ndipo uzifunsa. Wokonzayo sakhala nawe masiku onse.

Kulakwa kwina ndi kumene sindinakuuzepo. Mwina ukukumbukira utsi m'chipinda chako ndi khoma lakuda kuseli kwa shelefu ya mabuku. Tinakuuza kuti makoswe anatafuna waya. Makoswe aja tinawanamizira. Amayi ako anali atapita ku Matepatepa kwa masabata awiri, kukathandiza mng'ono wawo amene anali atachira kumene pafamu ya fodya. Loweruka masana fyuzi ya masoketi inapsa ndikutenthetsa ndiwo. Ndinatuluka panja ndikukanda mutu, ndipo a Sabawu, oyandikana nafe nyumba, amene nthawi imeneyo ankaboola miyala pansi, anandiona ali pa mpanda.

"A Banda, inu ogawa nyale mgodi wonse, kwanu kwathima?"

"Mwini ntchito wachokapo, achimwene."

"Ndiye mudya zozizira mpaka abwere? Tayendani, ndikuonetseni za amuna."

Ndinawatulutsira chitini cha amayi ako. Anayang'ana kawaya ka pakatoni kaja n'kuseka. "Aikona, a Banda. Uwu ndi ulusi wosokera malaya. N'chifukwa chake kamangopsa." Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa waya wophulitsira. Umaudziwa, wofiira ndi wachikasu uja, wotsala akaphulitsa miyala mumgodi. Palibe nyumba m'komboni muno imene ilibe. Timayanikapo zovala, timamangira makola a nkhuku, amayi amalukira madengu. Anausenda ndi mano, anapota nsambo zitatu pamodzi, namanga m'fyuzimo. "Uyu sadzapsa mpaka mudzapume pantchito."

Ananena zoona. Sanapse. Chimene chinapsa ndi waya wa m'khoma. Hotipuleti yathu inali ndi vuto m'kati, ndipo kawaya koonda kaja kanali katatichenjeza. Ife tinakatseka pakamwa. Lachiwiri masana iwe unali ndi malungo, uli m'tulo m'chipinda chako, ine ndili pansi pa mtengo wa mapichesi ndi buku, nyemba zili pamoto. Ndinamva fungo ngati la tayala. Nditalowa, utsi unali ukutuluka kuseli kwa shelefu, mkono umodzi kuchokera pamene panali mutu wako. Ndinakunyamula ndi bulangeti lomwe n'kukakugoneka panja. Kenako ndinalakwanso kachiwiri, ndinathamangira ndowa ya madzi. Akazi awo a Sabawu ndi amene anandigwira mkono pakhomo. "Madzi ayi, achimwene, mufa." Anazimitsa swichi yaikulu, anatapa mchenga pafosholo n'kuthira. Mabuku asanu ndi awiri a m'shelefu yam'munsi anathera pomwepo.

Amayi ako atabwera sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anamasula waya wa a Sabawu uja, anauwongola bwinobwino, n'kuuika m'buku limene ndinkawerenga, patsamba penipeni pamene ndinalekezera. Nditaupeza anati, "Kawaya kanga kaja kamapsa dala, bambo. Ntchito yake ndi yomweyo. Kakapanda kupsa iko, ipsa ndi nyumba." Ndawerenga mabuku ambiri, ena ofotokoza za magetsi zomwezi ndi zithunzi, koma palibe limene linandiuza momveka choncho.

Usunge zimenezi, Enelesi. Waya wa fyuzi anaupanga woonda mwadala. Aliyense wokuuza kuti ali ndi cholimba choposa, kaya ndi msomali, kaya ndi pepala lasiliva la ndudu, kaya ndi waya wa kumgodi, umuthokoze ndipo umukanize. Anthu otere sakhala oipa mtima. A Sabawu ndi amene anakumba manda a amayi ako, ndipo ndi amene anayamba kufika m'mawa uja. Amathandiza ndi mtima wonse, n'chifukwa chake kuwakana n'kovuta. Ndipo moto ukabuka pa soketi kapena pa waya, madzi ayi. Swichi yaikulu, kenako mchenga kapena dothi louma.

Pamaliro paja ndinachita chinthu chimodzi cholondola, ndipo ndikufuna uchidziwe kuti usamangondiona ngati munthu wa mpeni wa buledi. Iwe unali m'nyumba ndi amayi osonkhana pamphasa, sunaone. Amayi a kumpingo anali atalumikiza mahotipuleti awiri ndi chiketulo chachikulu chobwereka, achinyamata atakokera chingwe cha mababu ku tenti. Dzuwa litangolowa, zonse zinathima. Ndinaona a Sabawu akunyamuka pabenchi, dzanja likupita m'thumba. Ndinawatsatira mpaka kukhitchini.

"Achimwene, m'bokosimo musaikemo kanthu."

"A Banda, anthu achokera ku Chiwaridzo, ena ku Masembura. Akhale mumdima pamaliro a mkazi wanu?"

"Akhale. Mwini bokosili sankalola."

Anabweza waya m'thumba n'kupita kukabwereka nyale zaparafini nyumba ndi nyumba. Anthu anaimba bwino lomwe. Kukonza sindinkadziwa, koma chosayenera kuikamo ndinkachidziwa.

Tsopano ndikuuze kumene ndakhala ndikupita nthawi ya chakudya chamasana masabata awiriwa. Litadutsa Lachitatu lija ndinapita kwa a Muchena, amagetsi a pamgodi, aja unawaitana kudzatikonzera madzulo amenewo. Ndinawapeza akudya mabanzi m'shedi yawo. Nditanena chimene ndadzera anaika banzi pansi. "Mudhara Banda, nhasi mauya kuchikoro?" Ndinavomera kuti eya, lero ndabwera kusukulu, ndipo andiyambitse kalasi ya ana. Anaseka mpaka kutsokomola, koma anandipezera bokosi lakale, nalikhoma pa thabwa. Tsiku loyamba ndinakoka waya kwambiri, unaduka ndisanamalize kumanga. Tsiku lachiwiri ndinauzungulitsa chobwerera, ndipo sikuluwu pomanga inkangoulavula. A Muchena anati zala zanga zinazolowera kutembenuza mapepala, zikuopa kudetsedwa. Tsiku lachisanu anatseka chitseko cha shedi kuti mukhale mdima, nandiveka nyale ya pachipewa. Kwa zaka makumi awiri ndagawa nyale zimenezi, koma limenelo linali tsiku langa loyamba kugwirira ntchito kuwala kwake. Ndinakhoza. Anati, "Zvakanaka, mudhara," kunena kuti zili bwino mdala, n'kundigawira banzi.

Komabe ndinalakwanso, kunyumba, Lamlungu lapitali iwe uli ku kwaya. Ndinati ndisite ndekha malaya anga a kuntchito. Simbi itangoyamba kutentha, phwa. Ndinakondwa, kunena zoona, popeza ndinali ndi luso latsopano lofuna poonetsera. Ndinachita zonse mwadongosolo, ndinayatsa swichi, phwa. Ndinakonzanso, phwa. Ndili pafupi kudula waya wachitatu ndinamva ngati wina akutsokomola kumbuyo kwanga monga ankachitira amayi ako ndikamanena zopusa pagulu. Ndinasiya bokosi n'kupita kukayang'ana simbi. Chingwe chake chinali chitaperepeseka pafupi ndi chogwirira, mawaya awiri akukhudzana. Ndinali nditakonza fyuzi kawiri konse simbi ili chilumikizire. N'chifukwa chake simbi sukuiona. Ndinakuuza kuti ndabwereketsa kwa a Sabawu, koma ili m'shedi mwa a Muchena, akuika chingwe china. Fyuzi sipsa popanda chifukwa. Usanaikonze, funsa kuti yapsa chifukwa chiyani. Mwina zinthu zolumikizidwa zachuluka, mwina chimodzi mwa izo chawonongeka.

Ndiye kakonzedwe kake ndi aka, monga ndaphunzirira. Manja ouma, nsapato kuphazi, swichi yaikulu yozimitsa. Zula mapulagi onse mbali imene yathima. Tsegula bokosi. Upezamo mafyuzi oyera, a dothi lowotcha longa la makapu a tiyi. Zula imodzi, uyang'ane, ubwezere, kenako inzake, kuti usasokoneze malo ake. Yopsayo uidziwa, waya wake ukhala woduka ndipo nthawi zina pamakhala mwaye. Masula pang'ono masikuluwu ake awiri, chotsa zotsalira zonse za waya wakale, pukuta mwayewo ndi kansalu kouma. Tsopano sankha waya. Pakatoni pali mitundu itatu ndi manambala ake: 5, woonda kwambiri, ndi wa mababu, 15 ndi wa masoketi, 30, wonenepa, ndi wa chitofu chachikulu. Nambala yomweyo imalembedwa pa fyuzi. Ya 5 ilandire wa 5. Usakwere nambala ngakhale wina akuuze kuti zikhalitsa.

Dula waya wokwanira, uulowetse m'njira yake, uuzungulitse pa sikuluwu mbali imene sikuluwu imapita pomanga, monga mayendedwe a wotchi. Manga mbali imodzi, kenako inayo. Usaukoke kuti ukhale njo, usiyeko mpata pang'ono. Dula zotsalira kuti pasatuluke kanthu. Bwezera fyuzi, tseka chivundikiro, ndipo pokhapo yatsa swichi yaikulu. Kenako lumikiza zinthu chimodzichimodzi. Chimene chithimitsenso magetsi ndicho chodwala, chichotse, chisagwirenso ntchito mpaka wodziwa achione. Ikapsanso popanda cholumikizidwa chilichonse, vuto lili m'khoma, ndipo pamenepo ntchito yako yatha. Siya fyuziyo chizulire, uitane wamagetsi weniweni. Kugona masiku awiri ndi kandulo sikupha munthu. Ife tinagonapo anayi, ngakhale chifukwa chathu chinali chopusa.

M'chitini cha amayi ako ndinapeza chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, chikhalirecho chitinicho ndachinyamula kambirimbiri. Pa waya uliwonse wa pakatoni anamangapo kaulusi, kobiriwira, kofiira, kakuda, ndipo nditayang'ana m'bokosi lathu ndinapeza timadontho ta penti ta mitundu yomweyo pa fyuzi iliyonse. Manambala ankawadziwa, koma maso anali atayamba kuwavuta ndipo sanatiuze. Ndachita chimodzimodzi pa katoni yatsopano imene ndakugulira. Ili m'chitini china pamwamba pa wadiropu yako, pamodzi ndi tochi ndi sikuludiraiva ya chogwirira chofiira. Ya amayi ako ndinafuna kukupatsa, koma a Muchena anaona kuti chogwirira chake ndi chong'aluka, anati ipume. Ndiisunga ine. Chitinicho chizikhala malo amodzi, oti dzanja lako liwapeze ngakhale mumdima.

Ukafika ku Mufakose, usanapachike n'komwe makatani, upemphe mayi mwininyumba akuonetse swichi yaikulu. Ndi mayi wabwino, wa kwathu ku Dedza mbali ya bambo ake, koma ndi wamkulu ndipo nyumbayo ndi yake. Usayambe ndi kumuphunzitsa. Uyambe ndi moni, ndi nkhuku imene ndikupatse, ndi kufunsa za miyendo yake imene imamuvuta. Kenako umuuze kuti bambo ako ndi munthu wamantha, anatsala pang'ono kuotcha mwana wawo, ndipo akupempha kuti kapepala kasiliva kaja kachoke. Unene choncho, sindichita manyazi. Fyuzi yakuda ija isinthidwe yonse, ndipo wamagetsi aone mawaya ake. Waya woyenera ukalowamo uyamba kupsa madzulo alionse, chifukwa mahotipuleti onse aja sangayake nthawi imodzi pa waya umodzi. Anzako anena kuti mwana wa ku Bindura wabweretsa mdima. Upirire. Mukhale pansi mugawane nthawi yophika, awiri ayambe, awiri atsatire. Iwe udzipereke kukhala womaliza sabata yoyamba, anthu amamva msanga munthu amene wayamba ndi kudzimana. Akakanitsitsa, undilembere, ndibwera ndi a Muchena tsiku Loweruka. Ndawafunsa kale, avomera. Usagone hotipuleti ili yolumikiza. Ndipo ukadzaona munthu wagwidwa ndi magetsi, usamugwire ndi manja monga unandigwirira ine. Tsiku lija tinali ndi mwayi tonse awiri. Thamangira swichi yaikulu, ikakhala patali umukankhe ndi mtengo wouma wa tsache.

Sindikunamiza kuti zikhala zopepuka kuno. Nyumba yathu ija indikulira. Padzakhala madzulo ena amene ndidzatulutsa makapu awiri, mwinanso atatu, n'kubweza. Koma chisoni chimenechi ndi changa, ndiyenera kuchisenza ndekha monga iwe usenzere chako m'chipinda cha ku Mufakose. Ukakhala, sichichepa. Chingowonjezeka ndi china, choona mwana wanga akutsuka mbale zanga pamene anzake akuphunzira kuima kutsogolo kwa kalasi. Sindili ndekha. Akazi awo a Sabawu alonjeza kundiphunzitsa kuphika masamba osawasandutsa phala. Abusa andipempha kuti ndiziwerengera kalata achikulire a kumpingo amene maso atha, ndi kuwalembera mayankho opita kumudzi. Dzulo mayi wina wa mzere wachitatu anabwera kudzafunsa ngati n'zoona kuti a Banda masiku ano amakonza mafyuzi. Ndinapita, ndinamuimika pambali panga, ndinamuuza kuti ayang'ane manja. Tchuthi chako choyamba chikafika udzandipeza ndanenepa, kapena ndaonda pang'ono chifukwa cha maphikidwe anga, koma udzandipeza.

Ndikudziwa kuti mawu olembedwa sakukwanira. Unakulira m'nyumba ya munthu wodziwa kulemba makalata okongola, ndipo ukudziwa kuti kalata siyatsa babu. Ndiye tichite chonchi. Mawa tikamwa tiyi, kunja kutayera, iwe ukasankhe fyuzi iliyonse m'bokosi lathu. Ndizimitsa swichi yaikulu, ndiizula, iwe udula waya wake ndi sizasi. Ukaime pambali undionerere kuyambira poyamba mpaka babu litayaka. Ukaona ndalakwitsa chimodzi chokha, kaya ndi nsapato, kaya ndi nambala, kaya ndi mbali yozungulitsira, ukhala chaka chako chija ndipo sindinenanso kanthu. Ndikakhoza, ndidula ine, ukonza iwe, kawiri, mpaka zala zizolowere. Zikatero tinyamula katundu kupita ku basi.

Usadikire m'mawa kuti ulongedze. Tulutsanso zovala zija lero lomwe, chifukwa ndayeseza kokwanira.

Ndine bambo ako.